Banzi Lopanda Mudzi

Loweruka lapitali ndinaima pakhomo la holo ina ku Maddington, dera la mu Perth kuno ku Australia, thireyi yotentha ili m'manja, mvula ikundidonthera m'khosi, ndipo ndinamva funso limene ndakhala ndikulizemba chiyambire ubwana wanga. Mwayi wake, ulendo uno funsolo silinali langa. Ankafunsa mabanzi.

"Kwawo n'kuti amenewa?"

Ofunsawo anali Mayi Kachingwe, apampando a komiti ya zakudya pa chikondwerero chathu chokumbukira ufulu wa Malawi. Ndi namwino wamkulu, munthu woti akakuyang'anira pamwamba pa magalasi, ngakhale chifuwa chimene unabwera nacho chimaleka chokha. Anali atavala chitenje cha mbendera, duku litaima ngati chulu, cholembera chili m'manja.

Inu amene simunabwere, ndiyambe ndakufotokozerani lamulo la chaka chino.

Chaka chatha tinachita manyazi. Pa tebulo la Amalawi panadzaza pitsa, nkhuku zogula zokazingakazinga, ndi masaladi a m'mapulasitiki a m'sitolo. Mlendo wina anafunsa ngati zimenezi ndizo timadya ku Malawi, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. Choncho chaka chino Mayi Kachingwe analamula: zakwathu zokhazokha. Mbale iliyonse ikhale ndi kakhadi konena dzina la chakudya ndi boma limene chimachokera. Chopanda boma chibwerere m'galimoto.

Ndinasuzumira m'kati. Tebulo linali lokongola, sindinama. Kondowole, Nkhotakota. Mpunga, Karonga. Chambo, Mangochi, ngakhale tonse tikudziwa kuti nsombayo inafika kuno itauma gwa ndi ayezi kuchokera ku Asia, ndipo Mangochi sinamuonepo ngakhale kutulo. Samusa, Limbe. Thobwa, Dedza. Mwini mandasi atasowa boma anangolemba kuti Malawi yense.

Tsono ine ndi thireyi yanga.

Munali mabanzi opiringiza aja, okhala ndi shuga ndi sinamoni m'kati, onga amene mumawaona kuseri kwa galasi m'malo omwera khofi kuno. Anga anali oderako pansi, akununkhira utsi.

"Timawatcha nkhata," ndinatero. Mawu anga amatuluka ochepa, ndipo potuluka amakhala atatopa kale. "Agogo anga ndiwo ankaphika, moto pansi moto pamwamba."

"Agogo anu a kuti, a Esinati?"

"A ku Ntcheu. Pa mishoni."

"Ntcheu ndi kwathu kumeneko. Mudzi uti? Mfumu yake ndani?"

Apa ndiye ndinafika pa phompho langa la masiku onse.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ku Ndirande. Achibale atagawana mipando, wailesi ndi njinga, chotsala ndinali ine. Panalibe kulimbirana. Anandikweza basi n'kukanditula kwa agogo, mayi awo a mayi anga. Agogowo anachokera kutsidya, ku Mozambique, ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Amuna awo atamwalira anatsala m'kanyumba ka antchito pa mishoni. Mudzi tinalibe, munda tinalibe. Mfumu yathu inali belu la tchalitchi.

Musaganize za agogo a nthano ndi nyimbo. Anga kusasatitsa mwana sankakudziwa. Mawu awo ambiri anali malamulo, otsalawo anali kutsokomola. Tsiku limene ndinafika ndinkalira. Iwo anandiyang'ana kanthawi, n'kundipatsa botolo lopanda kanthu loyalira mtanda wa mabanzi.

"Maso ndiwo alire. Manja salira. Yala mtandawu."

Kale anali atagwirapo ntchito m'nyumba ya namwino wachizungu wa ku Sweden pachipatala cha mishoniyo. Chichewa cha mzunguyo chinkathera pa "imwani mankhwala", Chingerezi cha agogo chinkathera pa "yesi". Kuphika mabanzi agogo anaphunzira ndi maso. Mzungu atabwerera kwawo, uvuni unatsala wa mishoni, agogo anatsala ndi mphika wachitsulo. Ankauika pa makala, makala ena pa chivindikiro, monga timaphikira chigumu. Batala kunalibe, ankaika majarini. Sinamoni ankachita kutuma dalaivala wa ambulansi akamapita ku Limbe, ndipo poti kanali kapaketi kochepa, ankakachulukitsa ndi nsinjiro. Ankagulitsa pa geti la chipatala kwa odikirira odwala. Dzina anapereka okha, poona mmene mtanda umazungulira ngati nkhata yosenzera mtsuko.

Gawo langa linali nsonga ziwiri za mpukutu, zija zopanda maonekedwe, zosagulitsika. Ndinakulira nsonga.

Ena a inu mukamva fungo la mkhwani wotendera mumati kwathu. Ine kwathu kumanunkhira sinamoni wosakanikirana ndi makala. Ndalakwa chiyani?

Zaka zonse ndakhala kuno, pa zochitika zathu ntchito yanga ndi kutsuka mbale. Ndimaikonda. Pa sinki palibe amakufunsa mfumu yako, komanso umaona zonse. Koma nditamva kuti chaka chino aliyense abweretse cha kwawo, mtima unandiuza kuti agogo nawo akakhale pa tebulo. Ndinagula mphika wachitsulo wa anthu okagona kutchire aja. Ndinakoleza makala kuseri kwa nyumba m'mamawa kukuzizira, aneba akusuzumira pa mpanda, akudzifunsa ngati nthawi yoitana ozimitsa moto yakwana. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha: kakhadi, ndi malo pakati pa kondowole ndi mpunga.

Zonsezi pakhomo paja sindinazinene. Ndinangoti, "Anachokera ku Mozambique. Tinkakhala pa mishoni pomwepo."

"Ooo, obwera," anatero Mayi Kachingwe, mokoma mtima ndithu, monga mmene dokotala amatchulira dzina la matenda.

Nthawi yomweyo anafika Bambo Mwale, mkulu wa mpingo amene amayendetsa mwambo wathu chaka chilichonse. Chibadwire, bambowa sanayambe anenapo kuti sindikudziwa. Anavundukula kansalu ka pa thireyi.

"Aaa, izi ndikuzidziwa. N'za ku America izi. Ndimaziona ndikamatsika sitima ku Murdoch. Amayi, musalole. Mukalola izi lero, chaka chamawa wina adzabwera ndi soseji n'kunena kuti ndi ya ku Mzimba."

"Mwamvatu, a Esinati," anatero Mayi Kachingwe. "Si nkhanza ayi, lamulo ndi lamulo. Koma poti mwavutika, musabwerere nazo. Ikani apo, pa alendo."

Pa alendo panali katebulo ka pakhomo, kokhala ndi ketulo yaikulu ya tiyi, pafupi ndi ndowa ya maambulera onyowa. Ndinaika. Ndinalemba kapepala kochenjeza kuti muli mtedza, monga timachitira kuno poopa amene umawadwalitsa, ndipo kameneko ndiko kanali khadi lokhalo la thireyi yanga. Dzina ayi, boma ayi. Agogo anga anasanduka chenjezo.

Ndinapita ku sinki yanga. Khitchini ya holoyo ili ndi zenera loperekera mbale, ndipo limayang'ana pakhomo penipeni.

Woyamba kuima pa thireyi anali Mayi Ingrid, asewere awo a Bambo Mwale. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi mwana wa a Mwale, ndiye pa zochitika zathu amabwera, n'kumavina mosemphana ndi ng'oma mosangalala kwambiri. Anabadwira ku Sweden. Nditawaona akutambasula dzanja, ndinati mumtima: Mboni yanga yafika! Ngati Amalawi andikana, eni ake andilandira. Ndinapukuta m'manja n'kutuluka.

Analuma, natafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga ngati woweruza wa pa chionetsero cha zaulimi. Tinkalankhula Chingerezi, koma ndikumasulirani.

"Mwaphika ndinu? Akukoma." Anatafunanso. "Koma si athu."

"Agogo anga anaphunzira kwa munthu wa kwanu."

"Ndiye munthuyo anachoka phunziro lisanathe. Athu timathira kadamomu mu mtanda, tinjere tonunkhira tija, ndipo pamwamba timawaza shuga wa mibulu. Umu muli mtedza. Nanga utsiwu? Nyumba inapsa?"

"Ayi, ndi makala."

"Mayi anga akanaona zimenezi akanagona pansi."

Anatenga lachiwiri n'kumapita.

Posakhalitsa anafika Nimali, mnzanga wa ku wodi ya chipatala chimene ndimagwirako ntchito, amene ndinamuitana ndekha. Kwawo ndi ku Sri Lanka. Iye sanayambe ndi kuluma. Ananyema banzi, naliika pamphuno, nandiyang'ana mwachisoni.

"Esinati, wagula wa m'kabotolo ka m'sitolo uja, eti?"

"Sinamoni ndi sinamoni, Nimali."

"Uyu si wathu. Ndi msuweni wake wa ku China ndi ku Indonesia, wa khungwa lokhuthala, waukali pa lilime. Wathu ndi wopyapyala, umamufikisa ndi zala. Kwathu uyu sitimupatsa ngakhale moni."

Nayenso anatenga lachiwiri.

Owerenga anga, taonani zimenezi. Amalawi akuti n'la azungu. Mzungu akuti si lathu. Mwini khungwa akuti ngakhale fungo n'lobwereka. Ndinaliyang'ana banzi lija lili phee pafupi ndi maambulera, ndipo nkhope yake ndinaizindikira. Ndi mmene ndinakhalira ine pa mkeka ku Ndirande, tsiku la wailesi ndi njinga.

Ndiye sabata yonseyi, m'sitima popita ku ntchito, ndakhala ndikufufuza kwawo kwa banzili, monga amachitira ankhoswe asanavomereze ukwati. Zimene ndapeza n'zoti mwanayu mbiri yake ndi yaitali kuposa ya tonse amene tinamukana.

Sinamoni ndi khungwa la mtengo. Weniweni kwawo ndi kwa a Nimali, pa chilumba cha Sri Lanka. Kalekale amalonda achiarabu ankapita naye ku Iguputo ndi ku Ulaya, koma kumene ankapikula sankaulula. Ndi wamalonda uti amaulula? Kafunseni mayi wa kaunjika kumene amatenga mabelo ake, mudzandiuze. Aarabuwo anapeka bodza lokoma. Ankati timitengoti timapezeka m'zisa za mbalame zikuluzikulu zolusa, pamwamba pa matanthwe osakwereka. Kuti utipeze, uyenera kutchera nthuli zazikulu za nyama, mbalamezo zinyamule, chisa chilemedwe, chigwe, iwe utole uku ukuthawa. Anthu ophunzira a ku Ulaya anakhulupirira, n'kumagula osanyinyirika. Ife amene timagula mankhwala a m'basi ochiritsa matenda onse sitingawaseke.

Chinsinsi chitaululika, Apwitikizi anafika pa chilumbacho ndi zombo ndi mfuti. Kenako Adatchi anawathamangitsa. Kenako Angerezi anathamangitsa Adatchi, Angerezi omwe aja amene Loweruka tinkavinira kuchoka kwawo. Anthu anafera khungwa. Kafungo kofatsa kamene mumakamva m'kapu ya khofi kali ndi maliro ambiri kumbuyo kwake.

Limenelo ndi khungwa chabe. Tirigu anayambira kuchigawo kumene lero kuli Iraq ndi Turkey. Nzimbe zinayambira pa zilumba za kumpoto kwa Australia konkuno, ndipo luso lopanga shuga wa mchenga linakulira ku India. Zonsezi zinayenda njira zake, n'kukakumana m'dziko la chisanu kumene mtengo wa sinamoni sungamere ngakhale mutausalira kudya.

A ku Sweden amati banzi la masiku anoli linakhazikika kwawo itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene ufa, shuga ndi batala zinayambanso kupezeka, ndipo pang'onopang'ono linasanduka la pakhomo lililonse. Analilera, sindikana. Analipatsa mpaka tsiku lakelake pa chaka, mu Okotobala, ulemu umene ine ndi inu sitinaulandirepo. Koma kubala sanabale okha, ndipo munthu woyamba kupiringiza mtanda ndi sinamoni sadziwika dzina.

A ku Denmark akuti n'lawo, amalitcha nkhono. Ajeremani nawo ali ndi nkhono yawo. A ku Finland amalitcha khutu lomenyedwa mbama, ndipo ndikanakonda kudziwa zimene zinachitika m'khitchini imeneyo. Angerezi ali ndi msuweni wake wa mphesa zouma. Litakwera chombo kupita ku America linachita zimene ambiri a ife tachita kuno: linanenepa, n'kuvala zoyera pamwamba, mpaka abale osalizindikira. Limenelo ndilo Bambo Mwale amaliona ku Murdoch.

Mwaona? Ndi mwana wamasiye amene zinamuyendera. Ndipo mwana wamasiye zikamuyendera, achibale amatuluka ngati inswa pa mvula yoyamba. Zimenezi musandiuze, ndikuzidziwa. Chifikireni kuno ndapeza amalume amene tsiku la pa mkeka lija anali ndi khutu logontha. Lero amandiimbira foni n'kumanditcha mayi wathu.

Nditamaliza kufufuza banzi, satana anandinong'oneza kuti ndifufuzenso tebulo lalikulu lija.

Samusa wa ku Limbe anabwera ndi Amwenye. Mandasi a Malawi yense anatsika ndi amalonda a kugombe, kwa Aswahili. Chinangwa cha kondowole kwawo ndi ku South America, anabwera nacho Apwitikizi. Mtedza wa nsinjiro, chimodzimodzi. Mpunga wa ku Karonga makolo ake ndi a ku Asia. Tiyi wa ku Thyolo agogo ake ndi a ku China. Ndipo khalani pansi ndisananene izi: chimanga chenichenicho, chimene timalumbirira, chimene boma limagwa nacho chikasowa, n'chobwera. Makolo athu ankadya mapira ndi mawere. Tikanati tichotse obwera onse pa tebulo lija, tikanatsala ndi makadi ndi theka la thobwa.

Ndiye chinthu chiyenera kugona zaka zingati pakati pathu kuti chikhale chathu? Amadinda ndani?

Musandimve molakwa. Funso loti kwanu n'kuti si loipa. Pakati pathu ndi khasu lokumbira chibale. Amalawi awiri akakumana m'basi ya pa Stirling Highway, pofika ku Crawley amakhala atapeza kale azakhali a onse awiri. Kuno kutali, funso limenelo lapezera anthu pogona, lapezera anthu ntchito, laperekeza maliro kumudzi. Koma khasu lomwelo limadula chala. Kwa amene ali ndi yankho ndi moni. Kwa amene alibe ndi geti.

Chondiseketsa n'chakuti ife tomwe ndife timadandaula ku ntchito. Wodwala akufunsa kwanu, iwe wati ku Kenwick, iye n'kubwerezanso kuti ayi, kwanu kwenikweni. Timafika kunyumba titatupa nazo. Timafuna kuti Australia atiwerengere kukhala ake titangokhala zaka zochepa, pamene agogo anga anakhala ku Ntcheu mpaka mano kutha m'kamwa akadali obwera.

Nanga ana athu? Tikawalankhula Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha Chingerezi cha m'mphuno, ife n'kumati awa ndi azungu. Kusukulu anzawo akuti ndi Aafirika. Akapita kumudzi pa tchuthi, akuti alendo abwera, n'kuwaphera nkhuku. Aliyense akuvomera kuti ndi ana abwino. Aliyense akuti koma si athu. Tawaika pa katebulo ka pakhomo, pafupi ndi maambulera.

Tibwerere ku holo, chifukwa nkhani sinathere pa sinki.

Chimene komiti inaiwala ndi nyengo. Julaye wa ku Perth mumamudziwa, mvula yopingasa ndi mphepo yolowa m'mafupa. Aliyense wolowa ankathamangira tiyi. Tebulo lalikulu linali loletsedwa kufikira mapemphero, nyimbo ya fuko ndi malankhulidwe zitatha, ndipo kutalika kwa malankhulidwe athu sindikufunika kukukumbutsani. Katebulo ka alendo kokha ndiko kanalibe lamulo.

Pa zenera langa ndinaona Bambo Mwale akuyandikira chammbali ngati nkhanu. Maso athu anakumana.

"Ndingolawa, achemwali, kuti tidziwe chimene tikukana."

Patapita kanthawi anabweranso kudzakana kachiwiri.

Amayi a kwaya anabwera gulu, aliyense akuti akutengera mwana. Ana eni akewo anabwera okha. Mzambiya wina amene amatithandiza zokuzira mawu anafuula kuchokera pakhomo, pakamwa pali todzaza: "Imwe, ivi ndiye vakudya! Mwavibisila chani kuno?" Kenako ndinaona Mayi Kachingwe akupita kukakonza maambulera, amene sanali osokonekera, chikwama chawo cha m'manja chili chotsegula. Sindinaone kanthu. Ana amasiye timaona zonse, koma sitinaone kanthu.

Mlendo wolemekezeka, bambo wina wa ku khonsolo ya deralo, anafika mochedwa atanyowa ngati nkhuku. Anamupatsa tiyi. Mu thireyi munali mutatsala kamodzi kokha, nsonga ija yopanda maonekedwe, gawo langa la ubwana. Anaidya ataimirira.

Nthawi yake yolankhula itakwana, anayamikira magule, anayamikira anamwino athu, kenako anapinda pepala lake. Anati mabanzi a mtundu umenewu wadya ambiri m'moyo mwake, koma la mtedza ndi kautsi ngati limene walipeza pakhomo sanalionepo. Anafunsa ngati ndi chakudya cha makolo athu, ndiponso kuti timachitcha chiyani.

Bambo Mwale anayamba kuwerenga pulogalamu ngati mwatuluka nkhani yatsopano.

Mayi Kachingwe anaimirira, nakonza duku.

"Timazitcha nkhata," anatero m'Chingerezi chawo cha ku wodi, chosagwedezeka. "N'zakwathu ku Ntcheu. Timaphika moto pansi, moto pamwamba. Makolo athu akhala akuphika zimenezi kuyambira kalekale."

Anthu anaomba m'manja. Ena analuluta. Mayi Ingrid ankagwedeza mutu mwamphamvu, kuchitira umboni kuti n'zoona, za kwawo si zimenezi. Nimali anabisa nkhope m'kapu, mapewa akugwedezeka.

Kenako chitseko cha khitchini chinatseguka. Mayi Kachingwe anabwera okha, nandigwira dzanja la thovu lomwelo.

"Tiye, mwana wanga, akakuone."

A Esinati aja anali atathera pakhomo. Tsopano ndinali iwe, mwana wawo. Tikudutsa pakati pa mipando anandinong'oneza.

"Agogo ako aja, si aja aafupi, onenepa, ankakhala pa geti la chipatala? Ndawakumbuka tsopano. Mwinanso tili pachibale."

Agogo anga anali aatali ngati mlongoti, owonda ngati bango.

"Omwewo, mayi," ndinatero.

Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Manja a Mayi Kachingwe ndi ochenjera. Chikwama chawo chinkanunkhira sinamoni mpaka mzere wachitatu.

Mlendo atandigwira chanza, n'kupukuta thovu pa jekete lake, mayiwo anapita okha pakhomo, nanyamula thireyi. Anakankhira kondowole uku, mpunga uko, naiika pakati. Inali yopanda kanthu, nyenyeswa zokha ndi shuga wopserera m'makona. Anatenga khadi latsopano, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu: Nkhata, Ntcheu.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinatsegula pakamwa, n'kukonza mbiri pamaso pa anthu. Ayi. Ndinaima pomwepo ndikuyang'ana khadilo. Agogo anga anagona m'manda a mishoni, mzere wa kumapeto, kumene amaika anthu opanda mudzi wowanyamula. Loweruka lapitali, ku Maddington, anapatsidwa boma. Linabwera mochedwa, linabwera ndi bodza, thireyi ili gwa. Koma linabwera, ndipo ine maso ndiwo analira. Manja anabwerera ku mbale.

Pomaliza, ndikuika mphika ndi thireyi m'galimoto, ndinamva nsapato za Mayi Kachingwe kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha Tadala wanga. Udzaphike zambiri, akuchimuna adzaone zakwathu."

"Chabwino, mayi."

"Koma nsinjiro udzachepetseko. Kwathu ku Ntcheu sitiika zambiri choncho."

Ndinavomera. Mwambo wa makolo sutsutsidwa, ngakhale utayamba masana omwewo.

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, tasuzumirani pakhomo panu, pafupi ndi maambulera. Mwakhazikapo ndani? Kodi mudikira mpaka mlendo wonyowa adzamulawe n'kumuyamikira pagulu, ndiye mudzakumbukire kuti kwawo n'kwanu?